Woyimbira basketball amaima pati? Kagawidwe ka bwalo pakati pa oweruza masewera

Mpira wa basketball ukamaseweredwa ku Matero, ku Chawama kapena ku Mtendere, mkangano umene umabuka kawirikawiri ndi wakuti kodi woyimbira waonadi cholakwacho kapena wangoganizira. Ochemerera amayamba kuweruza wezulo italira kale. Aphunzitsi a oyimbira amabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kufunsa kumene woyimbirayo anaima masekondi awiri kapena atatu wezulo isanalire, chifukwa yankho la funso limeneli ndilo limasonyeza ngati chigamulocho chinali ndi maziko. Woyimbira amene waima kumsana kwa wosewera sangaone dzanja limene lamenya mkono wa woponya mpira, ngakhale atakhala kuti buku lonse la malamulo analiloweza pamtima.

Nkhaniyi ikukhudza mzinda wa Lusaka kwambiri. Timu ya Matero Magic, imene inatenga dzina la komboni ya Matero, ndi imodzi mwa matimu odziwika m'dziko la Zambia, ndipo mu 2021 inaimira dzikoli pa mipikisano yosankha matimu olowa mu Basketball Africa League. Timu ya UNZA Pacers, ya payunivesite yoyandikana ndi Kalingalinga, inachita chimodzimodzi mu 2019. Koma achinyamata ambiri a m'makomboni amayambira pa mabwalo a simenti a panja, kusukulu, kutchalitchi kapena kumalo a achinyamata, kumene oyimbira amakhala awiri ndipo nthawi zina mmodzi yekha. Zimene oyimbira amenewa amaona ndi zimene amaphonya ndizo zimaumba kaseweredwe ka mwana. Wosewera amene wakula akukankha anzake popanda womuona amadzamaliza zolakwa zake zisanu masewera asanafike pakati tsiku limene adzakumane ndi oyimbira odziwa poima.

Poyamba ankagawana anthu ndi mpira

Pamene James Naismith anayambitsa masewerawa mu Disembala 1891 ku Springfield, m'chigawo cha Massachusetts ku America, analemba malamulo 13, ndipo awiri mwa iwo anali okhudza oweruza. Mmodzi anapatsidwa ntchito yoweruza anthu, kutanthauza kuona ndi kuwerenga zolakwa za osewera. Winayo anali woweruza mpira: kunena ngati watuluka, ngati chigoli chalowa, ndi wa timu iti, komanso kusunga nthawi. Kagawidwe kameneka kanasiyidwa kalekale. Masiku ano oyimbira amagawana malo, ndipo aliyense amaweruza chilichonse chochitika m'dera lake, kaya chikukhudza mpira kaya munthu.

Malamulo amene Zambia imatsatira ndi a bungwe la FIBA, limene linakhazikitsidwa ku Geneva mu 1932 ndipo likulu lake tsopano lili ku Mies, m'dziko la Switzerland. Nthambi yake ya mu Africa inayamba mu 1961. Bungwe la Zambia Basketball Federation ndi membala, ndipo dzikoli lili m'chigawo cha 6 pamodzi ndi Malawi, Zimbabwe, Mozambique, Angola, South Africa ndi mayiko ena a kumwera. Kupatula buku la malamulo, FIBA imasindikizanso mabuku apadera ofotokoza kayendedwe ka oyimbira m'bwalo, ndipo mayina a malo amene amagwiritsidwa ntchito pa maphunziro a oyimbira amachokera m'mabuku amenewa.

Miyeso ya bwalo

Bwalo lovomerezeka ndi lotalika mamita 28 ndipo m'lifupi ndi mamita 15. Mkombero wa basiketi umakhala mamita 3.05 kuchokera pansi, ndipo bolodi limalowa mamita 1.2 m'kati mwa bwalo kuchokera pa mzere wakumapeto. Mzere wa mapointi atatu unayambitsidwa ndi FIBA mu 1984 pa mtunda wa mamita 6.25, koma mu 2010 unasunthidwa kufika pa mamita 6.75. M'chaka chomwecho bokosi la pansi pa basiketi, limene kale linali lotambalala chakumzere wakumapeto, linawongoledwa kukhala la mamita 4.9 m'lifupi ndi mamita 5.8 m'litali, ndipo pansi pa basiketi panajambulidwa theka la bwalo laling'ono lozungulira pa mtunda wa mamita 1.25.

Pa bwalo limene linapentedwa 2010 isanafike ndipo silinakonzedwenso, mizere yakale ndiyo imaoneka. Pena mizere ya basketball imapingasana ndi ya netball. Woyimbira wanzeru amaitana aphunzitsi a matimu onse awiri masewera asanayambe kuti agwirizane mzere umene ugwire ntchito, chifukwa kukambirana zimenezi chigoli cha mapointi atatu chitalowa kale m'mphindi yomaliza n'kuputa ndewu.

Lamulo lina limene limaiwalika ndi lakuti pasakhale chotchinga chilichonse, ngakhale anthu okhala pabenchi, pa mtunda wosakwana mamita awiri kuchokera pa mizere ya bwalo. Malo amenewa amateteza wosewera wothamanga kuti asagunde khoma, koma ndi mmenenso woyimbira amagwirira ntchito.

Oyimbira awiri: wotsogola ndi wotsatira

Oyimbira akakhala awiri, mmodzi amakhala patsogolo pa masewera, kuseri kwa mzere wakumapeto, pafupi ndi basiketi imene ikuukiridwa. Ameneyu ndi wotsogola, ndipo m'Chingerezi amatchedwa lead. Mnzake amabwera pambuyo pa osewera, chakumzere wapakati. Uyu ndi wotsatira, kapena kuti trail. Mayina amenewa si maudindo okhazikika. Mpira ukangolandidwa n'kuyamba kupita ku basiketi ina, wotsatira amasanduka wotsogola ndipo wotsogola amasanduka wotsatira.

Mfundo yaikulu ndi yakuti osewera onse khumi azikhala pakati pa oyimbira awiriwo, monga ng'ombe zimene zili ndi mbusa wina kutsogolo ndi wina kumbuyo. M'njira imene FIBA yaphunzitsa kwa zaka zambiri, awiriwa amaima mopingasa, aliyense ali ndi mzere wam'mbali kudzanja lake lamanzere. Wotsogola amayang'anira mzere wakumapeto ndi mzere wam'mbali wa kumanzere kwake. Wotsatira amayang'anira mzere wapakati ndi mzere wam'mbali winawo. Choncho mpira ukatuluka, palibe chifukwa choti wezulo ziwiri zilire ndi manja awiri aloze mbali zosiyana. Zoterezi zikachitika, ochemerera amadziwa nthawi yomweyo kuti oyimbirawo sanagwirizane, ndipo chikhulupiriro chimatha.

Theka la bwalo limene kukuseweredwa limagawidwa m'maganizo m'zigawo zisanu ndi chimodzi. Zigawo 1, 2 ndi 3 zili kumtunda, kufupi ndi mzere wapakati, ndipo chigawo 1 ndicho chili kumbali ya wotsatira. Zigawo 4, 5 ndi 6 zili kumunsi: 4 kumbali ya wotsogola, 5 pakati pamene pali bokosi, ndi 6 kumbali ya wotsatira. Mpira ukakhala m'zigawo zitatu zakumtunda, woweruza wosewera amene ali ndi mpira ndi womutchinga wake ndi wotsatira. Ukalowa m'chigawo 4, ntchitoyo imapita kwa wotsogola. Chigawo 5 ndi cha onse awiri popeza ndimo anthu amapanikizana kwambiri, ndipo chigawo 6 amachigawana potengera mzere wa mapointi atatu, kunja kwa mzerewo kukhala kwa wotsatira.

Cholinga cha manambala onsewa n'chimodzi: pamene wina akuyang'ana mpira, mnzake aziyang'ana kumene kulibe mpira. Apa ndi pamene oyimbira atsopano amagwa. Maso a munthu amakokedwa ndi mpira mwachibadwa, ndiye oyimbira onse awiri amapezeka akuonerera osewera awiri okha, pamene asanu ndi atatu akuchita zofuna zawo. Chigongono cha m'nthiti, kukoka jezi, kutchinga njira mosuntha, kupondana zala dala, zonsezi zimachitika kutali ndi mpira. Wolakwiridwa akabwezera, phokoso limatembenuza maso a oyimbira ndipo amene amalangidwa ndi wobwezerayo. Ndewu zambiri za m'bwalo zimayamba motero, ndipo gwero lake ndi woyimbira amene anasiya dera lake n'kukaonerera mpira.

Wotsatira amakhala kumbuyo kwa mpira pang'ono, pa mtunda wa mamita atatu mpaka asanu. Sayenera kumamatira pa mzere wam'mbali. Mpira ukapita kutsidya, m'chigawo 3, amalowa m'bwalo chapakati kuti ayandikire, kenaka n'kubwerera. Mpira ukaponyedwa ku basiketi kapena wosewera akalowa m'bokosi, amatsika pang'ono chakumzere woponyera mpira wa chilango. Chizolowezi chofala koma choipa ndi chakuti wotsatira amayamba kubwerera m'mbuyo mpira ukangoponyedwa, poopa kusiyidwa ndi osewera othamanga. Akatero, amachoka panthawi imene osewera akukankhana polimbirana mpira wobwerera kuchokera pabolodi, ndipo kukankha kwa kumsana kumaoneka bwino kuchokera kumtunda kusiyana ndi pansi pa basiketi. Ntchito zina za wotsatira ndi kuona mapazi a woponya mpira wa mapointi atatu, kuona ngati wina wakhudza mpira ukutsikira mu basiketi, kuwerenga masekondi 8 amene timu imapatsidwa kuti iwoloke mzere wapakati, ndi kugamula ngati mpira womaliza unachoka m'manja nthawi isanathe.

Wotsogola ali ndi yesero lake. Mpira ukakwera m'mwamba, mutu umafuna kudzuka kuti aone ngati ulowe. Imeneyo si ntchito yake. Iye amayang'ana m'chiuno, m'mikono ndi m'mapazi mwa osewera a m'bokosi, ndipo amawerenga masekondi atatu amene woukira amaloledwa kukhalamo. Saima pansi penipeni pa basiketi chifukwa pamenepo amangoona misana ndi makhwapa. Amayenda chammbali potsatira mpira, thupi litapendekera ku basiketi. Pothamangira ku basiketi ina, wotsogola watsopano amathamanga chamtsogolo koma mutu atautembenuzira paphewa kuti osewera asachoke m'maso mwake. Kuthamanga chafutambuyo n'kochedwa, ndipo pa simenti yong'ambika kungamugwetse chagada.

Cholakwa chikayimbidwa, amene wayimbayo amapita poonekera kwa a patebulo, amaima, n'kusonyeza ndi manja nambala ya wosewera, mtundu wa cholakwa ndi chilango chake. Panthawiyi mnzake sasuntha maso pa osewera, chifukwa mawu oputa ndi zibakera zimatuluka mpira ukaima. Kenaka kawirikawiri awiriwa amasinthana malo, ndipo kusinthanaku kumathandiza kuti timu imodzi isaweruzidwe pansi pa basiketi ndi munthu yemweyo masewera onse.

Kuona mpata pakati pa osewera

Kukhala m'dera lolondola n'chiyambi chabe. Chimene woyimbira amafunafuna ndi mpata wa pakati pa woukira ndi womutchinga. Akaima pamzere umodzi ndi osewera awiriwo, thupi la mmodzi limabisa la mnzake, ndipo chilichonse chimene angayimbe n'chongoganizira. Sitepe imodzi kapena ziwiri chammbali zimatsegula mpatawo. Kawirikawiri sitepeyo imapita mbali yosiyana ndi kumene osewera akulowera: woukira akadutsira kumanzere, woyimbira amasunthira kumanja, apo ayi amatsalira kumsana kwawo.

Mtunda nawonso uli ndi malire. Maphunziro a FIBA amalimbikitsa mamita atatu mpaka asanu ndi limodzi. Woyimbira akayandikira kwambiri, amaona dzanja koma osaona mapazi, ndipo zinthu zimaoneka zothamanga kuposa mmene zilili. Akatalikira, amaphonya kukhudzana kwakung'ono pa chigongono cha woponya, ndipo ngakhale atayimba molondola palibe amene amamukhulupirira. Chinanso n'chakuti panthawi yogamula ayenera kukhala ataima. Aliyense amene anajambulapo chithunzi ndi foni akuthamanga amadziwa chimene chimatuluka. Maso amachitanso chimodzimodzi mutu ukamagwedezeka.

Chigamulo chovuta kuposa zonse m'masewerawa ndi cha osewera awiri amene agundana pachifuwa, wina akulowa ndi mpira, wina atamuimirira panjira. Malamulo amati wotchinga ali pamalo ovomerezeka ngati wayang'anizana ndi mnzakeyo ndipo mapazi ake onse ali pansi. Akakhazikitsa malowo, amaloledwa kusuntha chammbali kapena chambuyo, koma osati kulowera kwa woukira. Ngati anafika poyamba ndipo wagundidwa pachifuwa, wolakwa ndi woukira. Ngati anachedwa, kapena anatulutsa chiuno kapena bondo, kapena analowa pansi pa munthu amene wadumpha kale, wolakwa ndi iyeyo. Mfundo zonsezi zikunena za wotchinga. N'chifukwa chake oyimbira amaphunzitsidwa kuika maso pa wotchinga kugundana kusanachitike. Amene amatsatira mpira amangoona munthu atagwa pansi, osadziwa kuti anafika liti pamalopo, ndipo amatha kupusitsidwa ndi wosewera wodzigwetsa dala.

Sikukhudzana konse kumene kuli kulakwa. Anthu khumi othamanga pa malo aang'ono chotere sangalephere kukhulana. Woyimbira amayenera kuona chiyambi cha chochitikacho, mmene chapitira ndi mathero ake, kenaka n'kugamula ngati kukhudzanako kwasokoneza liwiro, kaimidwe kapena kaponyedwe ka wosewera. Wezulo yofulumira imachotsa zigoli zimene zikanalowa. Koma kudekha kotere kumatheka kwa munthu amene anali kale pamalo abwino chochitikacho chisanayambe.

Oyimbira atatu

Osewera atakula matupi ndi kuwonjezera liwiro, zinaoneka kuti maso anayi sakukwanira. Ligi ya NBA ya ku America inayesa oyimbira atatu m'nyengo ya 1978/79, inabwerera ku awiri, kenaka inakhazikitsa atatu kuyambira nyengo ya 1988/89. FIBA inatsatira pambuyo pake, ndipo pa mpikisano wa dziko lonse wa 2006 ku Japan oyimbira anali atatu. Kuyambira mu 2017 mtsogoleri wa gululi amatchedwa crew chief m'malamulo a FIBA, ndipo anzake awiri ndi umpire woyamba ndi wachiwiri.

Wachitatuyo amatchedwa wapakati, kapena centre. Amaima pa mzere wam'mbali, moyang'anizana ndi mzere woponyera mpira wa chilango, kumbali kumene kulibe oyimbira anzake. Wotsogola ndi wotsatira amakhala mbali imodzi, imene imayenera kukhala mbali ya mpira, ndipo atatuwa amapanga mafuwa atatu ozinga osewera. Wapakati ndiye amaona zimene njira ya oyimbira awiri imaphonya kawirikawiri: kutchingirana njira kutsidya kwa mpira, ndi wotchinga wachiwiri amene amathamangira kudzathandiza pansi pa basiketi.

Mpira ukasamukira kumbali ya wapakati n'kukhazikika kumeneko, gulu lonse limazungulira. Woyambitsa ndi wotsogola. Amayamba wayandikira m'mphepete mwa bokosi, kenaka amadutsa kuseri kwa basiketi moyenda mofulumira, maso ali pa osewera a m'bokosi. Wotsatira amatsika kukakhala wapakati watsopano, ndipo wapakati wakale amakhalabe pamalo ake akuyang'ana mpira mpaka wotsogola atafika, ndiye amakwera kukakhala wotsatira. Wotsogola sayamba kudutsa mpira ukuponyedwa kapena wosewera akulowa ku basiketi, popeza angapezeke akuyenda panthawi yofunika kuima. Mpira ukasintha manja, wotsatira ndi wotsogola amasinthana monga mwa nthawi zonse, pamene wapakati amathamanga m'mbali mwake n'kukakhalanso wapakati ku theka linalo.

Oyimbira atatu osaphunzira bwino amatha kuipitsa masewera kuposa awiri odziwa ntchito. Maso asanu ndi limodzi onse akakhala pa mpira, wezulo zimachuluka koma malo osayang'aniridwa amakhala omwe aja. Kuyimba m'dera la mnzako kumaloledwa pokhapokha cholakwacho chili chachikulu, choonekeratu, ndipo mwini dera sanathe kuchiona.

Pa mabwalo a m'makomboni

Mabuku a FIBA amalembedwa poganizira holo ya matabwa, mawotchi a magetsi ndi mamita awiri opanda munthu kuzungulira bwalo. Ku Lusaka malo a m'nyumba alipo, monga National Sports Development Centre ndi Olympic Youth Development Centre imene inatsegulidwa mu Meyi 2010 m'mbali mwa msewu wa Great North. Koma masewera a ana asukulu ndi a matimu aang'ono ku George, Kanyama kapena Kalingalinga amachitikira panja, ndipo woyimbira amayenera kusunga mfundo zomwezo pa malo osiyana kwambiri.

Vuto loyamba ndi la wotsogola. Oonerera akaima pamzere penipeni, kapena khoma la sukulu likakhala sitepe imodzi kuchokera kumzere wakumapeto, iye sangabwerere m'mbuyo kuti aone osewera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Choyamba n'kupempha okonza masewera kuti abweze anthu m'mbuyo mpira usanayambe, makamaka ana aang'ono amene amakonda kukhala pansi kuseri kwa basiketi. Malamulo amapatsa oyimbira mphamvu kuyambira mphindi 20 masewera asanayambe, ndipo nthawi imeneyi ndi yoyendera bwalo. Ngati malo akumbuyo palibedi, wotsogola amapeza mtunda wake posunthira chammbali, kulowera kukona, kuti ayang'ane bokosi mopendekera. Pamene basiketi yamangidwa pa mzati wachitsulo wozikidwa pamzere, mzatiwo umabisa mbali ina ya bokosi ndipo ndi ngozi kwa wosewera wokankhidwa ali m'malere. Pa bwalo lotere kukankha kwa kumsana sikuyenera kulekereredwa ngakhale pang'ono.

Nyengo imawonjezera zake. Dzuwa la madzulo likatsika kumadzulo, woyimbira wa mbali imodzi amayang'ana m'kuwala, ndipo n'kwanzeru kuti awiriwo agwirizaniretu kuti mnzake amuthandize pa mzere wa kumeneko. Mphepo ya mu Ogasiti ndi Sepitembala imathira fumbi pa simenti, mizere n'kuzimirira ndi nsapato n'kumaterereka, ndipo woyimbira amafunika kusiyanitsa woterereka ndi wokankhidwa. M'dzinja, makamaka ku Kanyama kumene madzi amadikha mvula ikagwa yambiri, funso limakhala lakuti masewera apitirire kapena ayi. Malamulo amapatsa mtsogoleri wa oyimbira mphamvu yoimitsa masewera ngati zinthu sizili bwino, ndipo simenti yonyowa ndi chifukwa chokwanira.

Kumene kulibe wotchi yoonekera kwa onse, tebulo limakhala lofunika kwambiri. Kuyambira mu 2000 masewera a FIBA ali ndi zigawo zinayi za mphindi 10, ndipo timu imapatsidwa masekondi 24 kuti iponye mpira. Ngati nthawi ikusungidwa pa foni ya munthu mmodzi, oyimbira ayenera kudziwiratu chizindikiro chimene amveko nthawi ikatha, ndipo wotsatira aime pamene angaone woponya uku akumva chizindikirocho. Chisokonezo cha pakati pa tebulo ndi oyimbira sichisankha bwalo. Pa masewera omaliza a Olimpiki ku Munich mu 1972, masekondi atatu omaliza anabwerezedwa, Soviet Union inagonjetsa America 51 kwa 50, ndipo osewera a America anakana kulandira mamendulo awo a siliva. Masiku ano mipikisano ikuluikulu imalola oyimbira kuonanso kanema pa zinthu zina, koma pa bwalo la m'komboni chimene diso laona ndicho chomaliza.

Malamulo amafuna oyimbira awiri kapena atatu, komabe zimachitika kuti woyimbira akhale mmodzi mnzake akalephera kubwera. Wotsala yekhayo sangakhale wotsogola ndi wotsatira nthawi imodzi. Chimene chimathandiza n'kugwira ntchito ngati wotsatira wotsika kwambiri, kuyenda m'mbali mwa bwalo pakati pa mizere iwiri yoponyera mpira wa chilango, ndi kuuza akaputeni poyambirira kuti pali malo amene sangawaone. Kuima pa mzere wapakati masewera onse, wezulo ili pakamwa, n'kuyimba zochitika pansi pa basiketi pa mtunda wa mamita 12 ndiko kumabweretsa mbiri yoipa ya oyimbira.

Pali chinthu chinanso chimene mabuku sakhudza. Woyimbira wa m'komboni amadziwika. Amakwera basi imodzi ndi osewera, amagula pamsika umodzi ndi makolo awo, ndipo chigamulo cha Loweruka chimamutsatira mpaka Lolemba. Mawu akuti wakondera amatuluka msanga. Chomuteteza chachikulu ndi malo amene anaima. Mphunzitsi wa timu amene waona woyimbira atathamanga, ataima pa mamita anayi, mpata uli poyera, amavutika kutsutsa ngakhale chigamulocho chamupweteka. Amene wayimbiridwa kuchokera kutsidya kwa bwalo ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira.

Mphamvu za thupi

Zonsezi zimadalira miyendo. Kwa zaka zambiri, woyimbira wamwamuna wofuna chiphaso cha FIBA wakhala akuyesedwa pothamanga mtunda wa mamita 20 mobwerezabwereza maulendo 86 m'mphindi 10, liwiro likukwera mphindi iliyonse, ndipo muyeso woyambira wa amayi ndi maulendo 66 m'mphindi 8. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Woyimbira wotopa amasiya kutsika, amasiya kusuntha chammbali, amafika mochedwa pa mzere wakumapeto, ndipo izi zimachitika m'chigawo chachinayi pamene masewera akugamulidwa. Amene akufuna kudzayimbira mipikisano ya FIBA Africa kapena ya Basketball Africa League, imene inayamba ku Kigali mu 2021, amayenera kudziwa bwino njira ya oyimbira atatu, koma mtunda, mpata ndi kuyang'ana wotchinga amaziphunzira pa masewera a oyimbira awiri.

Mtundu wa basketball wa atatu atatu, wotchedwa 3x3, umene unalowa m'masewera a Olimpiki ku Tokyo mu 2021, ndi woyenerera malo amene ali ndi basiketi imodzi yokha. Bwalo lake ndi mamita 15 m'lifupi ndi mamita 11 m'litali, masewera amatenga mphindi 10 kapena amatha timu ikafika mapointi 21, ndipo nthawi yoponyera mpira ndi masekondi 12. Oyimbira amakhala awiri, wina chakumzere wakumapeto ndi wina kumtunda. Popeza mpira suima chigoli chikalowa, ndipo timu imene yalanda mpira imayenera kuutulutsa kaye kunja kwa mzere wozungulira isanaponye, wa kumtundayo amakhala ndi ntchito yoona mapazi a wosewera nthawi iliyonse mpira ukasintha manja: phazi limodzi likatsala m'kati kapena likaponda mzerewo, mpirawo sunatuluke.